Kaundula wa Nkhondo ndi Mboni, Woweruza ndi Allah

M'mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, muli dzina lomwe limatchulidwa koma nkhani yake siifika kumapeto. Akuluakulu amangoti, "Agogo anu aja adapita ku nkhondo ya Azungu," basi nkukhala chete. Tsiku lomwe adamwalira silitchulidwa, manda awo palibe adawaonapo, ndipo palibe wachibale amene adaimirira pa swala ya janaza yawo. Kwina kudatsala mendulo yakuda ndi ukale pansi pa sutikesi. Kwina kudatsala dzina lokha, lomwe adapatsidwa mdzukulu.

Masiku ano adzukulu aja ali ndi mafoni a intaneti, ena akugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Leicester, ndipo ayamba kufufuza m'mabuku a boma kuti adziwe zomwe zidachitikira makolo awo. Kufufuza kumeneku kwadzutsa mafunso awiri. Kodi nkoyenera kwa Msilamu kufukula nkhani za munthu amene adabwerera kalekale kwa Mbuye wake? Nanga zomwe tingapeze m'mapepala olembedwa ndi atsamunda tizikhulupirire mpaka pati? Ife tikuona kuti kufufuzako ndi ntchito yabwino, ndipo pena ndi ngongole ya ubale. Koma pepala lomwe tingalipeze tiyenera kulilandira monga momwe kadhi amalandirira mboni: amaimvetsera, amaiyeza, koma saipatsa mpando woweruzira.

Adapita angati, ndipo adapita kuti

Gulu lankhondo la King's African Rifles, lodziwika mwachidule kuti KAR, lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba adali a kuno ku Nyasaland. Atsamunda ankakonda kulemba Ayao usilikali, motero Asilamu adali ochuluka m'mabataliyoni amenewa kuyambira pachiyambi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, idafika pa nyanja yathu isanathe ndi milungu itatu yomwe. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Guendolen ikadalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho mwazi udakhetsedwa pa Karonga.

Makolo athu adaitcha nkhondoyi kuti ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Olemba mbiri amawerengera kuti amuna pafupifupi 19,000 a m'dziko muno adamenya nawo ngati asilikali, ndipo pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, pamene anthu onse a m'dziko adali ongozungulira miliyoni imodzi. Amtengatenga ankasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kudutsa m'mapiri ndi m'madambo a Tanganyika ndi Mozambique, kulondola mkulu wankhondo wa Ajeremani Paul von Lettow-Vorbeck, yemwe adadzapereka zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Ochuluka mwa omwe sadabwerere sadaphedwe ndi chipolopolo. Adatha ndi kamwazi, malungo, chibayo, njala, ndi mliri wa chimfine wa 1918.

Pa nkhondo yachiwiri ana a m'midzi yomweyi adapita kutali koposa. Adamenya ku Somaliland ndi ku Ethiopia, adafika ku Madagascar mu 1942, adaoloka nyanja yamchere kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 adalimbana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nyengo ya mvula yosakata. Gule wa beni yemwe timamuona m'midzi yathu, ndi kuguba kwake ndi maudindo ake achisilikali, ndi chikumbutso chakuti usilikali umenewu udalowa mpaka m'kati mwa mudzi.

Kufunafuna sikutsutsana ndi chikonzero cha Allah

Alipo akuluakulu ena oopa Allah omwe amati akufa tiwasiye agone. Iwo amati nthawi ya munthu ikakwana yakwana, nthaka yonse ndi ya Allah, ndipo Iye sadzasochera podzamuukitsa munthu amene adagona m'nkhalango ya ku Burma. Mawu amenewa ndi oona ndipo tiyenera kuwalemekeza. Kudziwa kwathu malo a manda sikumuonjezera malemu kanthu pamaso pa Mbuye wake, ndipo kusadziwa kwathu sikumuchotsera kanthu.

Komabe Chisilamu sichidauonepo mtima wofuna kudziwa za womwalira ngati kuchepa kwa chikhulupiriro. Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijra, Asilamu pafupifupi 70 adaphedwa, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwawo ankaikidwa awiriawiri m'manda amodzi. Swahaba Jabir bin Abdillah, yemwe bambo ake adali mmodzi wa ophedwawo, mtima wake sudakhazikike, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi adawafukula nkuwaika m'manda awoawo. Imam Bukhari adaisunga nkhaniyi ngati phunziro. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) naye ankawayendera ophedwa a pa Uhud, ndipo adawapempherera ngakhale patadutsa zaka zisanu ndi zitatu. Najashi, mfumu ya ku Habasha, atamwalira kutali ndi Madina, Mtumiki adalengeza imfa yake nkuwaimika maswahaba m'mizere kumuswalira. Apa ndi pomwe mazihabu ya Imam Shafi'i, yomwe ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, idatengera chilolezo choswalira womwalira amene thupi lake lili kutali.

Ngakhale kulemba mayina a asilikali si nzeru yobwera ndi Azungu. Khalifa Umar bin Khattab adakhazikitsa diwani, kaundula momwe munkalembedwa asilikali potsata mafuko awo pamodzi ndi malipiro awo, kuti wina asaiwalike pogawa ndipo banja lake lisasowe pogwira.

Malamulo a Chisilamu ali ndi khomo lapadera lonena za mafkudi, munthu wosowa yemwe sizikudziwika ngati ali moyo kapena adamwalira. Umar adagamula kuti mkazi wa munthu wotere adikire zaka zinayi, kenako akhale edda ya miyezi inayi ndi masiku khumi. Maulama ena adati adikire kufikira imfayo itatsimikizika kapena kadhi atagamula. Kusiyana maganizoku kukutionetsa kuti kusadziwa ndi mtolo wolemera, ndipo umagwera anthu amoyo. Taganizirani amayi a m'midzi yathu mu 1919, anzawo akulandira amuna awo, iwo osadziwa ngati ndi akazi apabanja kapena amasiye, ana osadziwa ngati ndi amasiye, chuma osadziwa ngati chigawidwe. Amayi amenewo adamwalira funso lawo lisadayankhidwe. Mdzukulu amene akulifunsanso lero akupitiriza ubale, ndipo kulumikiza ubale ndi lamulo lomwe silithera pamanda.

Mboniyi idaona chiyani

Mapepala alipo, ndipo ndi bwino kudziwa komwe ali. Nyumba yosunga zolembedwa zakale za boma ku Zomba, yomwe idatsegulidwa mu 1947, imasunga makalata ndi malipoti a maofesi a atsamunda. Ku Kew mu mzinda wa London kuli mabuku omwe bataliyoni iliyonse inkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku pa nthawi ya nkhondo. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe lidayamba mu 1917, lili ndi mndandanda wa omwalira pa nkhondo ziwirizi womwe aliyense angaufufuze pa intaneti kwaulere. Pa nsanja yachikumbutso ya KAR ku Zomba padalembedwa mayina a asilikali omwe adafa pa nkhondo yoyamba, ndipo ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon kuli zipilala zokhala ndi mayina pafupifupi 27,000 a omwe adafera ku Burma opanda manda odziwika. Kiyi wotsegulira zonsezi ndi nambala ya usilikali. Mamendulo a nkhondo yoyamba adadindidwa nambala ndi dzina m'mphepete mwake, choncho mendulo yosungidwa m'sutikesi ija isatayidwe kapena kugulitsidwa.

Tikapeza pepala, tikumbuke zomwe timaphunzitsa ana ku madrasa za hadisi. Maulama akale sankalandira nkhani asanafunse kuti waifotokoza ndani, adaimva kwa yani, adalipo kapena adangouzidwa, ndipo kodi amasunga bwino zomwe wamva. Surat Al-Hujurat imatilamula kutsimikiza nkhani tisanachitepo kanthu. Mafunso omwewa tiwafunse kwa kaundula wa nkhondo.

Adalemba ndani? Kawirikawiri adali kalaliki kapena msilikali wachizungu amene khutu lake silidazolowere mayina athu. Saidi adatha kulembedwa Said kapena Sayidi. Mnyamata adatha kupereka dzina la kuchinyamata, kapena la bambo ake, kapena la malume ake. Mangochi idalembedwa kuti Fort Johnston, Nkhotakota kuti Kota Kota. M'bataliyoni imodzi mudatha kukhala anthu angapo a dzina limodzi. Amene wapeza dzina lofanana ndi la agogo ake nkuthamangira kulengeza pa WhatsApp kuti wawapeza, akhoza kulira maliro a eni ake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Dzina ligwirizane ndi nambala, nambala igwirizane ndi mudzi ndi mfumu, ndipo chaka chigwirizane ndi zomwe akuluakulu a pabanja akukumbukira.

Adalembera chiyani? Boma linkalemba kuti lidziwe woti limulipire, woti limulange, ndi chiwerengero cha mfuti zomwe zatsala. Ndi chifukwa chake m'mabuku a tsiku ndi tsiku aja mkulu wankhondo wachizungu akafa amatchulidwa dzina, pamene asilikali akuda kawirikawiri amangowerengedwa kuti afa angati ndipo avulala angati. Mboni yotere siinama pa tsiku ndi malo, ndipo pa zimenezo ndi yodalirika kuposa chikumbumtima cha mudzi, chomwe chimasakaniza nkhondo ziwiri kukhala imodzi. Koma maso ake adali pa zofuna za bwana wake. Siidaone ngati mnyamatayo adaswali m'mawa wa tsiku lomaliza, ngati adagawana madzi ake ndi mnzake, kapena ngati adatamula shahada mzimu usadachoke.

Omwe sadalembedwe nkomwe

Mabanja ambiri adzafufuza koma osapeza kanthu, makamaka a amtengatenga. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda lija lidatulutsa lipoti lovomereza kuti pa nkhondo yoyamba anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000, ambiri a iwo a ku Africa ndi ku Asia, sadakumbukiridwe mofanana ndi Azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, sadalembedwe mayina paliponse. Lipotilo lidanena poyera kuti tsankho lidali m'gulu la zifukwa, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo. Zipilala za ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Mombasa zili ndi zifanizo za asilikali ndi amtengatenga, koma mayina a anthuwo palibe.

Kusowa kwa dzina m'kaundula sikutanthauza kuti agogo athu adanama kuti mchimwene wawo adatengedwa. Kukutanthauza kuti wolemba sadaone chifukwa cholembera. Apa mboni ina iyenera kupatsidwa mpata, ndiyo pakamwa pa akuluakulu. Wolemba mbiri Melvin Page adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi omwe adaiona nkhondo yoyamba, ndipo buku lake The Chiwaya War la mu 2000 lidatsamira kwambiri pa mawu awo. Ngati mlendo adaona kuti mawu a nkhalamba za m'midzi ndi umboni woyenera kusungidwa, ife eni ake tili ndi chifukwa chanji chowanyozera? Chikhulupiriro chathu chimatiuzanso za kaundula wina, amene Surat Al-Kahf imamufotokoza, momwe zazing'ono ndi zazikulu zonse zidasungidwa. M'menemo mtengatenga amene adakomoka m'mbali mwa njira ku Songea alimo ndi dzina lake lenileni.

Tikapeza zomwe sitidafune

Chiyeso chachikulu chimadza pamene pepala lanena zowawa. Banja lakhala likusimba kuti agogo adafa akumenya nkhondo molimba mtima, koma pepala likuti adamwalira ndi kamwazi m'chipatala cha msasa. Mwina likuti adathawa usilikali, kapena adakwapulidwa, pakuti chikoti chidali chilango chololedwa kwa asilikali akuda a KAR mpaka nkhondo yachiwiri itatha. Mwinanso zapezeka kuti adali mbali ya Ajeremani. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa malire a atsamunda adadula pakati pa Ayao, ndipo bataliyoni yachiwiri ya KAR itathetsedwa mu 1911, ena mwa asilikali ake adakalembedwa ntchito kwa Ajeremani. Motero m'nkhalango za Tanganyika Msilamu adaloza mfuti Msilamu mnzake, aliyense pansi pa mbendera ya mfumu yomwe sadaionepo.

Pamenepa pali maenje awiri. Loyamba ndi kubisa choonadi nkupitiriza kusimba nthano yokoma. Kumeneko ndi kunama, ndipo bodza silisanduka halali chifukwa chakuti likukometsa kholo. Imfa ya kamwazi ilibe manyazi oti tiwabise. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adatchula womwalira ndi matenda a m'mimba, womwalira ndi mliri ndi womira m'madzi m'gulu la omwe Allah amawapatsa malipiro a shahidi. Wonyamula katundu amene adatha ndi matenda kutali ndi kwawo ali ndi khomo la chiyembekezo lomwe nthano yathu yaungwazi siingamupatse.

Dzenje lachiwiri ndi kuweruza. Achinyamata ena ophunzira, akawerenga za nkhanza za atsamunda, amafulumira kunena kuti makolo amenewa adali akapolo a adani a Chisilamu. Amakumbutsa kuti mu Novembala 1914 Sultani wa ku Istanbul adaitanira Asilamu ku jihadi yolimbana ndi Britain, ndipo amafunsa kuti nanga awa adali mbali iti. Funso lakuti anthu akuda akuferanji pa nkhondo ya eni ake si latsopano. John Chilembwe adalifunsa m'kalata yake ya mwezi womwewo, ndipo ndi funso loyenera. Koma kufunsa za chilungamo cha nkhondo ndi kwina, kugamula za mtima wa munthu mmodzi ndi kwinanso. Mmodzi adalowa usilikali chifukwa cha msonkho wa nyumba. Wina adagwidwa usiku ndi amesenjala a boma, mfumu itaopsezedwa kuti ipereke chiwerengero cha amuna. Wina adafuna malipiro oti akwatirire, wina adafuna ulemu wa yunifolomu. Pa fomu onsewa amaoneka chimodzimodzi. Chipembedzo chathu chimati ntchito zimayezedwa ndi niya, ndipo niya ilibe danga pa fomu ya boma.

Nchifukwa chake Imam Bukhari adaika khomo lochenjeza kuti tisamagamule motsimikiza kuti wakutiwakuti ndi shahidi, ndipo m'buku lomwelo muli hadisi yoletsa kutukwana akufa popeza adafika kale ku zomwe adatsogoza. Malangizo awiriwa amatitsekera njira zonse ziwiri. Sitingamulowetse agogo ku Jannah ndi mendulo, ndipo sitingawaponye ku Moto ndi pepala la mlandu. Yemwe adalembedwa kuti wothawa mwina ndi amene adakana kuombera Msilamu mnzake, mwinanso adangogwidwa ndi mantha monga munthu aliyense. Mlanduwo uli m'bwalo lomwe ife sitikhalamo.

Pali malire enanso. Surat Al-Hujurat yomwe imatilamula kutsimikiza nkhani ndi yomwenso imaletsa kufufuza zinsinsi za anthu ndi miseche. Pofunafuna agogo athu tikhoza kukumana ndi dzina la kholo la banja loyandikana nalo, pamodzi ndi zolakwa zake. Zimenezo si zathu zoti tizifalitse. Womwalira sangadziteteze, ndipo adzukulu ake tikuswali nawo mzere umodzi. Ngakhale za agogo athu enieni, kunena zoona sikutikakamiza kulengeza chilichonse kwa aliyense. Banja lidziwe, lilembe moona, ndipo chomwe chilibe phindu kwa anthu akunja chikhale m'nyumba.

Chochita ndi zomwe tapeza

Abale ndi alongo m'Chisilamu, amene akufuna kuyamba ntchitoyi ayambire pakhonde, asanapite ku Zomba kapena pa intaneti. Mapepala a ku Kew adzakhalapobe zaka zikubwerazi, koma agogo aakazi omwe adamva nkhaniyi kwa mayi awo sadzatidikira. Tikhale nawo pansi mwaulemu, tifunse mayina onse omwe malemu ankadziwika nawo, mudzi, mfumu ya nthawi imeneyo, anzawo omwe adapita nawo ndi omwe adabwerako. Polemba, titsate mwambo wa maulama athu: tilembe kuti izi tamva kwa uje, yemwe adamva kwa uje, ndipo izi taziwerenga m'pepala lakuti. Zomwe mboni ziwiri zagwirizana tizilembe motsimikiza. Zomwe zasemphana tizilembe zonse ziwiri, osafufuta imodzi chifukwa chakuti siikutikomera. Ana a ku madrasa akhoza kuthandiza pa ntchitoyi, ndipo adzaphunzirapo kuti kusamala pa nkhani ndi gawo la chipembedzo.

Kenako zomwe tapezazo zisanduke ibada. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adatiphunzitsa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula sadaka yopitirira, maphunziro opindulitsa, ndi mwana wabwino womupempherera. Msilikali amene adafa ali mnyamata mwina sadasiye mwana, ndipo ife adzukulu a abale ake ndi amene tatsala. Timutchule dzina mu duwa zathu. Tipereke sadaka m'malo mwake, kaya ndi chitsime, kaya ndi mphasa za mumzikiti, kaya ndi fizi ya mwana wamasiye. Za kumuswalira swala ya womwalira ali kutali patapita zaka zambiri chonchi, banja lifunse masheikh a kwawo, pakuti nkhaniyi ili ndi malamulo ake.

Boma lachitsamunda lidawatenga anthuwa ngati manambala, ndipo ambiri lidawataya osawalemba. Ife tikawafunafuna tikuwabwezera m'banja ngati anthu, okhala ndi mayina, mantha, zolakwa ndi chiyembekezo cha chifundo cha Mbuye wawo. Tikapeza tsiku ndi malo, tithokoze. Tikapanda kupeza, duwa siifuna nambala ya usilikali kuti ifike.

Allah awakhululukire makolo athu omwe adagona ku Karonga, ku Tanganyika, ku Mozambique, ku Ethiopia ndi ku Burma, odziwika manda ndi osadziwika, awafutukulire manda awo, ndipo atipatse ife lilime loona ndi mtima wodekha posimba za iwo. Allah ndiye Wodziwa bwino koposa.